Thumba lothandizira chipatala pa nthawi ya mliri: tigule chiyani, ndalama zidutse m'manja mwa ndani?

Nabanda: Moni nonse. Tikufuna kukhazikitsa thumba lothandizira chipatala cha m'boma lathu, kuti mliri wina ukagwa tisadzayambe kuthamangathamanga maliro atayamba kale. Tisanapemphe munthu ngakhale K500, tigwirizane zinthu ziwiri: ndalamazo zidzagula chiyani, ndipo zidzadutsa m'manja mwa ndani. Inu amene mumadziwa za m'wodi, za makina ndi za mabuku a ndalama, tiuzeni mwatchutchutchu.

Nachisale: Zikomo mayi. Tikumbukire Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Chakwera analengeza kuti dziko lagwa m'ngozi. Masiku omwewo wodwala wina amene anagonekedwa ku Kamuzu Central analemba pa Facebook kuti okosijeni alipo m'masilinda, koma flowmeter, kachipangizo koyeza mpweya wopita kwa wodwala, palibe. Anamwalira patangopita masiku ochepa. Uthenga umenewo ndi umene unadzutsa a Stanley Onjezani Kenani ndi anzawo kuyambitsa msonkhamsonkha wa Covid Response Private Citizens. Taonani chimene chinasowa: sichinali chimakina cha mamiliyoni ayi, koma kachinthu konyamulika ndi dzanja limodzi. Ndiye pempho langa ndi lakuti mndandanda wa zogula uzichokera kwa anthu a m'wodi, osati kwa ife osonkha ndalama.

a Mbewe: Mayi Nachisale alasa. Kuti mpweya uchoke m'silinda n'kufika m'mphuno mwa wodwala umadutsa pa zinthu zingapo, ndipo chimodzi chikasowa, silindayo imangokhala chitsulo choima pakona. Pakamwa pa silinda pamamangidwa regulator yotsitsa mphamvu ya mpweya, poti m'silinda yodzaza mpweya umakhala wopanikizika kwambiri, cha m'ma bar 150 (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya). Pa regulator pamalumikizidwa flowmeter yofika malita 15 pa mphindi. Kenako kabotolo ka madzi onyowetsa mpweya, paipi, ndi timapaipi ta m'mphuno kapena masiki. Musaiwale sipanala yotsegulira, ngolo yoyendetsera silinda, ndi tcheni chomangira silinda kukhoma. Silinda yaikulu yodzaza imalemera makilogalamu oposa 70, ikagwa n'kuthyoka pakamwa ndi ngozi yaikulu.

Pamene ogula ambiri amaphonya ndi apa: kamwa za masilinda sizofanana. Ina imatchedwa bullnose, regulator yake imamangidwa mopotoza ngati bawuti. Ina ndi pin index, ili ndi timabowo tiwiri tolowamo timano ta regulator. Mukagula ya mtundu wina singalowe, ndipo musalole munthu kuikakamiza kapena kuisula. Wina apite ku chipatala akajambule pakamwa pa masilinda amene ali kumeneko, chithunzicho chipite kwa wogulitsa. Chinanso, pa zitsulo za okosijeni sipayandikira girisi, oyilo kapena mafuta odzola, chifukwa zimayaka zokha zikakumana ndi okosijeni wopanikizika.

a Mwale: Achimwene, tiuzeni silinda imodzi imatha nthawi yaitali bwanji, kuti tidziwe kukula kwa thumba limene tikukamba.

a Mbewe: Silinda yaikulu ija, ya saizi J, imasunga malita pafupifupi 6,800. Gawani ndi malita amene wodwala akulandira pa mphindi. Wa malita 5 imamufikitsa maola pafupifupi 23. Wa malita 10, maola 11. Wodwalitsitsa amene ali pa malita 15 amaimaliza m'maola 7 ndi theka, ndiye kuti masilinda atatu kapena anayi tsiku limodzi, munthu mmodzi. Wodi ya odwala 10, aliyense pa malita 10, imafuna malita 144,000 pa tsiku, omwe ndi masilinda 21. Ndipo pamene 21 ali m'wodi, ena 21 ayenera kukhala pa msewu kokadzazitsa.

Kuti muone kukula kwake: makina opanga okosijeni amene anamangidwa ku Queen Elizabeth mu 2020 kudzera ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome amatulutsa malita pafupifupi 1 miliyoni pa tsiku. Pa masamu omwewa, amenewo ndi odwala pafupifupi 70 a malita 10. Mabedi atatsegulidwa ku Bingu National Stadium ndi ku nyumba ya boma ku Zomba, vuto silinali denga kapena bedi, linali mpweya woti ufike pa bedi lililonse.

a Mwale: Ngati zili choncho, bwanji osangogula ma concentrator ambirimbiri, makina aja osefa okosijeni? Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, satha, safuna lole.

a Mbewe: Ndi abwino ndithu bambo, ndipo ena tigule. Koma ali ndi malire ake. Ambiri amene amagulitsidwa motchipa amatulutsa malita 5 okha pa mphindi. A malita 10 ndiwo oyenera wodi ya akuluakulu. Chachiwiri, amadalira magetsi osazima. Amodzi amadya mawati 300 mpaka 600 malinga ndi kukula, ndipo magetsi akazima mpweya umaima nthawi yomweyo. Ndiye pa concentrator iliyonse werengerani silinda yodikirira pambali, stabilizer yoteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndi dizilo wa jenereta.

Chachitatu ndi chimene chimapha anthu mwakachetechete. Makinawa amatha kulira bwinobwino, kampira ka pa flowmeter kakukwera, koma mpweya wotuluka uli wofooka. Mkati muli timiyala totchedwa zeolite tomwe timagwira nayitirojeni, ndipo chinyontho chikatilowa kapena tikakalamba, sitigwiranso. Okosijeni wotuluka ayenera kukhala pa 90 pa 100 kapena kupitirira, ndipo akatsika pansi pa 82 makinawo achotsedwe pa wodwala. Izi simungazione ndi maso. Pafunika oxygen analyser, kachipangizo kakang'ono koyezera, kamodzi kokha kangatumikire chipatala chonse. Sefa ya kunja izichapidwa sabata iliyonse, nthawi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala kawiri, ndipo iume isanabwezedwe. Gulani masefa apadera tsiku lomwe mukugula makinawo.

Nachisale: Ndiwonjezere mbali ya wodwala. Timapaipi ta m'mphuno timagwira bwino mpaka malita 5 kapena 6. Wodwala akapitirira kubanika amaikidwa masiki yokhala ndi kathumba pansi, ndipo imeneyo imafuna malita 10 mpaka 15, apo ayi kathumbako kamaphwa. Concentrator ya malita 5 singamukwanitse munthu ameneyu. Ndiye tisatsutsane kuti silinda kapena concentrator. Ma concentrator atenge odwala pang'ono, kuti masilinda asungidwire odwalitsitsa.

Ndipo chonde tisaiwale pulse oximeter, kaja kopanitsa pa chala. Covid-19 inatiphunzitsa kuti munthu amatha kukhala tsonga akucheza, okosijeni m'magazi atatsika kwambiri. Popanda kachipangizoka namwino sadziwa woyamba kumupatsa mpweya ndani, ndiponso sadziwa amene angachepetseredwe, choncho mpweya umathera pa munthu amene wapeza kale bwino. Kawirikawiri timayamba kupereka mpweya muyezo ukatsika pansi pa 90 pa 100. Gulani zolimba, pamodzi ndi mabatire ake ambiri. Mabatire amatha msanga kuposa mmene anthu amaganizira.

Nangondo: Kuno ku Britain abale ambiri akamva za thumba amafunsa za ventilator, makina opumira m'malo mwa wodwala. Tiwayankhe chiyani?

Nachisale: Auzeni mwaulemu kuti ayi, achemwali. Ventilator imafuna dokotala kapena namwino wophunzira za ICU amene sachoka pa bedi usiku ndi usana, mankhwala ogonetsa, makina okoka makhololo, mpweya wa m'mapaipi ndi magetsi odalirika. Chipatala cha m'boma chopanda zimenezi chidzangoitsekera m'sitolo. Ndalama za ventilator imodzi zingagule ma regulator ndi ma oximeter okwanira wodi yonse. Onaninso dexamethasone, mankhwala otchipa amene kafukufuku wa RECOVERY ku Britain komweko anaonetsa mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa mwa odwala amene ali pa mpweya, 6 mg pa tsiku mpaka masiku 10. Amene sakusowa mpweya sawathandiza, ndiye ndi mankhwala olemba dokotala, osati ogawira anthu m'makomo.

a Phiri: Ndilowepo pa za ndalama, poti apa ndi pamene thumba limakhala kapena kufa. Amalawi sanaiwale nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19. Lipoti la kafukufuku wa ndalamazo litatuluka mu Epulo 2021 linaonetsa ndalama zambiri zopita ku ma alawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko, anthu anamangidwa, ndipo nduna ya zantchito inachotsedwa. Nthawi yomweyo anthu wamba ankatumiza ndalama zawo mosakakamizidwa ku msonkhamsonkha wa a Kenani, chifukwa zolowa ndi zogulidwa zinkalengezedwa poyera pa Facebook. Munthu amapereka kachiwiri akaona kumene ya koyamba inapita.

Ndondomeko yake ikhale motere. Akaunti ya ku banki ikhale m'dzina la gulu, osati la munthu. A banki adzafuna malamulo a gulu olembedwa, maminitsi a msonkhano umene unasankha osainira, ndi ziphaso zawo. Osainira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasaina, ndipo atatuwo asakhale pachibale kapena a nyumba imodzi. Manambala a Airtel Money ndi Mpamba alembetsedwe m'dzina la gulu, ndipo zolowa kumeneko zizisamutsidwira ku banki madzulo aliwonse. Lamulo limene anthu amaliswa kwambiri ndi ili: ndalama ya m'manja, kaya yasonkhedwa ku tchalitchi, ku mzikiti kapena pa msika, isagule kanthu isanalowe ku banki. Iwerengedwe ndi anthu awiri, asaine, ikaikidwe yonse. Mukangotapako ya mafuta a galimoto musanaike, mabuku sadzagwirizananso, ndipo mphekesera imayambira pomwepo.

Pogula, makoteshoni atatu, kulipira kudzera ku banki molunjika kwa wogulitsa, ndipo pa chinthu chilichonse pakhale mapepala atatu: invoice, lisiti, ndi chikalata chosonyeza kuti katundu wafika, chosainidwa ndi wa ku chipatala. Mliri ukafika pachimake mwina wogulitsa amakhala mmodzi yekha. Zikatero gulani, koma lembani chifukwa chake tsiku lomwelo, osainira onse avomereze.

a Mwale: Nanga bwanji osangopereka ndalamazo ku chipatala, eni ake agule zimene akufuna? Si iwo akudziwa?

a Phiri: Akudziwadi, n'chifukwa chake mndandanda ukhale wawo. Koma ndalama ikalowa m'akaunti ya boma imatsata njira zogulira za boma, zomwe zimatenga nthawi, ndipo imasakanikirana ndi zina moti simungathe kuuza wopereka kuti yanu inagula ichi. Ndiye chipatala chilembe zosowa, mndandandawo usainidwe ndi mkulu wa zaumoyo m'boma, mkulu wa anamwino, wa ku famase ndi wokonza makina wa PAM, nthambi yosamalira zipangizo za chipatala. Ife tigule ndi kukapereka katundu. Zipatala za mishoni za CHAM n'zosiyanako, zili ndi maakaunti awoawo, ndipo mungathe kulemberana pangano loti ndalama iyi ndi ya mpweya basi, malisiti abwere pakutha pa mwezi.

a Mbewe: Ndipo ku mndandandawo onjezani kulipira kudzazitsa masilinda ndi mafuta a galimoto yokatenga. Sizioneka bwino pa chithunzi, koma ndiye mtima wa nkhaniyi. Musagule masilinda atsopano musanalankhule ndi kampani yodzaza, monga Afrox, chifukwa makampaniwa ali ndi malamulo a masilinda amene amalola kudzaza, ndipo silinda yopanda chizindikiro choti inayesedwa mphamvu amaikana. Mpweya wake ukhale wa chipatala, osati wa owotcherera zitsulo.

Nangondo: Za kunja kuno ndifotokoze pang'ono. GoFundMe, njira yosonkhera ndalama pa intaneti, siyambitsidwa kuchokera ku Malawi, imafuna munthu wokhala ndi akaunti ya banki ku dziko ngati Britain kapena America, ndipo pa chopereka chilichonse amadulapo pafupifupi 3 pa 100. Ndalamazo zimayamba zagwera mwa munthu mmodzi, ndiye munthuyo azionetsa komiti tsamba la zolowa, ndi umboni wa kutumiza kulikonse wosonyeza mtengo wosinthira tsiku limenelo. Njira yabwino koposa ndi kugwirizana ndi bungwe lolembetsedwa kale ngati charity kuno, chifukwa pamenepo pali Gift Aid: wopereka akakhala wolipira msonkho ku Britain, boma limawonjezera mapeni 25 pa paundi iliyonse (paundi ndi mapeni 100). Captain Tom Moore, msilikali wakale wa kuno, atasonkhetsa mapaundi oposa 32 miliyoni mu Epulo 2020 a NHS Charities Together, bungwe lothandiza zipatala za boma kuno, Gift Aid inakweza ndalamazo kufika pafupifupi 39 miliyoni. Kagulu kathu kosalembetsa sikangalandire zimenezi.

Chinanso, ngati katundu tidzagula ku South Africa kapena kwina kunja, si nzeru kusintha mapaundi kukhala makwacha kenako n'kumakasakanso ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Thumba lomwe linali m'makwacha linachepa mphamvu usiku umodzi. Zogula kunja zilipiridwe kuchokera kunja, zogula kumudzi ndizo zitumizidwe.

a Gama: Za kutumiza katundu, abale, chonde tsatani dongosolo ili musanakweze kanthu. Choyamba kalata ya chipatala yovomera kuti chikufuna katunduyo. Kachiwiri kalata ya ku Unduna wa Zaumoyo yopempha MRA kuti katunduyo asalipire msonkho. Kachitatu mndandanda wa zonse zili m'mabokosi ndi mtengo wake, ngakhale zili zaulere. Anthu ambiri amatembenuza: amatumiza kaye, katundu wafika ku Chileka kapena ku bwalo la ndege la Kamuzu, ndiye ayambe kusaka makalata. Apo ndalama yosungira katundu ikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina imaposa mtengo wa katunduyo. Wa pa nyanja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam amatenga miyezi, ndiye si wa mliri umene wayaka kale. Wa pa msewu kuchokera ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge ndi Tete mpaka ku Mwanza, ndiwo wapakatikati.

Makina ochokera ku America onani kumbuyo kwake. Kumeneko magetsi ndi a 120V, kwathu ndi 230V pa 50Hz, pulagi ya mano atatu. Concentrator ya 120V ikalumikizidwa ku soketi yathu imapsa pomwepo. Mankhwala asabwere popanda chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndipo malangizo a WHO amati mankhwala opereka akhale atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu pa tsiku lofika, zolemba zake zili m'chilankhulo chimene ogwira ntchito amawerenga. Mukukumbukira katemera wa AstraZeneca oposa 19,000 amene anawotchedwa ku Lilongwe mu Meyi 2021? Anafika kumapeto kwa Malichi atatsala ndi masabata osakwana atatu. Mankhwala otsala a m'nyumba za anthu, otsegula kale, tisalandire n'komwe.

Nabanda: Pali funso lovuta limene anthu adzatifunsa. Anamwino ndi otsuka m'wodi, amene amaika moyo wawo pachiswe, tiwapatseko kangachepe?

Nachisale: Ine ndikuti tiwathandize, koma osati ndi envulopu. M'wodi ya odwala mliri magadiyani saloledwa kulowa. Ntchito zonse zimene gadiyani amagwira masiku onse, kudyetsa, kusambitsa, kutembenuza wodwala, kutaya za m'chimbudzi, zimagwera namwino ndi wothandizira, atavala zodzitetezera zotentha maola ambiri. Chimene chimawapepuza ndi chakudya chotentha cha ogwira usiku, madzi akumwa, galimoto yowatula kunyumba, magolovesi ndi mamasiki okwanira. Odwalanso amafuna phala, ndowa, sopo, zofunda, ndi foni ya wodi yokhala ndi mayunitsi kuti alankhule ndi abale awo. Munthu amene wamva mawu a mwana wake amavomera kusunga masiki kumaso.

a Mwale: Pamenepa ine sindikugwirizana nanu kwathunthu, mayi. Wotsuka m'wodi malipiro ake ndi ochepa, ndipo ana ake sadya magolovesi. Kumupatsa ndalama si katangale.

a Phiri: Si katangale, bambo Mwale, mukunena zoona. Vuto ndi lakuti amene anapereka pomva kuti ndi za mpweya sanavomere zimenezo. Ngati gulu likufuna kuthokoza ogwira ntchito ndi ndalama, pakhale thumba lachiwiri lolengezedwa padera, mndandanda wa olandira uchokere pa rosita ya wodi, aliyense alandire mofanana kudzera pa foni yake. Koma a komiti yathu asalandire kalikonse, ngakhale ya nkhomaliro pa msonkhano.

a Mwale: Thumba lachiwirilo ndavomera.

Nangondo: Opereka tiziwasamala bwanji? Ena akufuna kwabwino amapereka kamodzi n'kuzimiririka chifukwa sanamve kanthu.

a Phiri: Uthenga wothokoza upite pasanathe masiku awiri, ngakhale kwa wa K1,000. Sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, tiziika poyera zolowa, zotuluka, zotsala, ndi chikalata cha ku banki manambala a anthu atabisidwa. Amene safuna kutchulidwa alembedwe kuti "wakufuna kwabwino", koma ndalama yake ioneke. Makampani amafuna kalata yovomereza kulandira ndiponso lipoti, tiwapatse. Pomaliza mabuku onse aunikidwe ndi akauntanti wa kunja kwa gulu, membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi. Ndipo mu uthenga woyamba wopempha tilemberetu kuti ndalama zikadzatsala mliri utatha zidzagwira ntchito yanji. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo inkafuna zinthu zina: madiripi a Ringer's lactate, ORS, klorini, mabedi oboola pakati. Ngati sitinalembe, tidzayenera kubwerera kwa opereka kukapempha chilolezo pamene odwala akudikira.

Nachisale: Pa zithunzi, jambulani katundu ndi amene akulandira, osati odwala. Wodwala amene akubanika sangakane kamera, ndipo kusakana kwakeko si kuvomera.

a Mbewe: Kupereka kusathere pa mwambo. Chipangizo chilichonse chilembedwe nambala ndi penti yosafufutika, chilowe m'kaundula wa katundu wa chipatala, wodi yake itchulidwe. Tsiku lopereka wokonza makina aphunzitse anamwino a masana ndi a usiku omwe kumanga regulator, kuona ngati mpweya ukudontha, ndi kuchapa sefa. Pa ndalama za makina patulani gawo la zosinthira ndi kukonza, ine ndingati 10 mpaka 15 pa 100, lisakhudzidwe. Pakatha miyezi itatu anthu awiri a komiti apite ndi kaundula uja akawerenge chimodzichimodzi ndi kuyeza ma concentrator ndi analyser.

Nabanda: Zamveka. A Phiri, tikonzereni malamulo a gulu ndi chitsanzo cha lipoti la sabata. Mayi Nachisale ndi bambo Mbewe, lembani fomu imene chipatala chidzadzaze, mufunsemo chiwerengero cha masilinda, mtundu wa kamwa zake, ma regulator ogwira ntchito ndi kukula kwa jenereta. A Gama, tipezereni mitengo yodzazitsira silinda imodzi ndi yonyamulira. Achemwali a Nangondo, fufuzani bungwe lolembetsedwa kumeneko limene lingavomere kugwira nafe. Tikumane Loweruka 7 koloko madzulo, zonsezi zili m'manja.

a Gama: Pa fomuyo mufunsenso ngati chipatala chili ndi galimoto yotha kunyamula masilinda ataimirira ndi kumangidwa. Ngati palibe, mtengo wa hayala ulowe mu bajeti kuyambira pachiyambi.